Chala changa chinaphimba kabokosi

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kumiza msuweni wanga m'nyanja, ine ndili chilili pabenchi ya tomato ku Chikanda.

Azakhali anga ndiwo amagulitsa tomatoyo. Mwana wawo Zuze amakhala ku Mozambique, kufupi ndi nyanja yamchere. Zuzeyo anatumiza mapu pafoni, akuti kukubwera namondwe ndipo nyanja ikwera kumtunda. Pamene pali nyumba yake anaikapo kamtanda. Iye sukulu sanapite nayo patali, ndiye ankafunsa: athawe kapena akhale?

"Iwe wasukulu," anatero azakhali, "tatiwerengera."

Ndinapukuta manja, ndi kulandira foni ndi manja awiri. Kamtanda kanali pakati penipeni pa malo ofiira.

Kusukulu ya kumudzi kwathu kunali mapu amodzi okha, otafunidwa ndi chiswe. Aphunzitsi ankaloza ndi ndodo: pobiriwira ndi chigwa, pofiirira ndi phiri. Phiri la Zomba lomwe linali lofiirira. Ndiye ndikanakayika chiyani?

"Musadandaule azakhali. Zuze ali paphiri."

Azakhali anaimba nthungululu mpaka wogulitsa makala anaombera nawo m'manja osadziwa nkhani.

Mwayi wake panali mtsikana wa kuyunivesite akusankha tomato. Anasuzumira pafonipo.

"Achimwene, tasunthani chalacho."

Pansi pa chala changa chachikulu panali kabokosi kofotokoza mitundu. Pamapu amenewa, pofiira ndi pamene madzi adzafike oyamba, komanso akuya kumiza munthu. Pachikasu ndi pochenjera napo. Ndinafuna kulowa m'dengu.

Tinamuimbira Zuze, ine n'kuulula kuti poyamba ndimati ali paphiri.

"Phiri?" anakuwa. "Asuweni, kuno ngakhale chulu timachivulira chipewa!"

Tsiku lomwelo anatenga mkazi, ana ndi mbuzi, ulendo kusukulu ya kumtunda.

Pepani awerengi, sindikufuna kunyoza munthu, koma kodi ndine ndekha? Tikatchedwa ophunzira, mawu akuti "sindikudziwa" amatitsamwa pakhosi. Timasankha yankho lokondweretsa wamkulu, osati lomupulumutsa. Ine ndinkangofuna azakhali amwetulire.

Kuno ku Zomba nyanja yamchere tilibe, koma mtsinje wa Likangala tili nawo, ndipo madzi otsika m'phiri salonjera. Anthu a ku Sadzi ndi ku Chikanda akudziwa. Tsiku lina munthu adzatambasula mapu otere pamsonkhano, tonse tidzagwedeza mitu ngati abuluzi. Adzakweze mkono ndani kufunsa kuti pofiirapo ndi pati, nanga nyumba yanga ili mbali iti? Paja safunsa anadya phula.

Mapu aliwonse ali ndi chinenero chake, ndipo chimalembedwa m'kabokosi ka pakona. Yambani pamenepo.

Zuze ali bwino, ngakhale akuti madzi analowadi m'nyumba mpaka pawindo. Azakhali anandikhululukira, koma masiku ano ndikagwira foni yawo amayamba andiwerenga zala.

Nanga inu, chala chanu chaphimba chiyani?