Sisiliyana pa Khonde la Apongozi

Apongozi anga aamuna anaphunzira tchesi ku Malawi, nthawi imene anathawirako nkhondo. Pobwerera kuno ku Tete anzawo anasenza mapoto ndi malata, iwo anasenza thabwa la masewerawo, amene kuno timawatcha shadreze. Nditakwatira mwana wawo n'kulowa m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo ku Matema, ndinapeza kuti Lamulungu lililonse masana thabwalo limatuluka pakhonde, koma benchi la mbali inayo lilibe munthu. Mkazi wanga ndiye anandikankhira pamenepo.

Ine ndine wa ku Angónia, ndipo ndinaleredwa kuti mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sacheza nawo nkhani zopanda mutu. Uthenga wathu wonse unkadzera mwa mkazi wanga, ngakhale titayandikana mpaka kumvana kupuma. Pathabwa pokhapo ndi pamene ine ndi mkuluyo tinkakhala moyang'anizana maola awiri popanda wochita manyazi. Sitinkalankhulana, koma ndinkapakonda kwambiri, ndipo sabata yonse ndinkagwira ntchito ndikuganizira benchi limenelo.

Zidutswa zoyera zinali zawo nthawi zonse. Zoyera ndizo zimayamba, ndipo wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, ndiye panalibe zokambirana. Ine ndi zakuda zanga ndinkasewera mwaulemu. Akakankha piyawu, kamsilikali kaja ka patsogolo pa mfumu, nanenso ndinkakankha wanga wa patsogolo pa mfumu. Akatulutsa kavalo, inenso kavalo. Ndinkati pamene wamkulu waponda sipangakhale minga. Kudya chidutswa chawo iwo asanadye changa ndinkakuona ngati chipongwe, ndipo zikandikakamiza ndinkayamba ndawomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Pepani, bambo." Chaka chathunthu ndinagonja Lamulungu lililonse, uku ndikudzitama mumtima kuti mkamwini ngati ine ndi wosowa.

Tsiku lina atandigonjetsa kawiri tiyi asanazizire, anaitana mwana wawo amene ankayanika zovala.

"Iwe mwana, uwauze amuna ako kuti kuyambira domingu likudzali ndizikasewera ku dera la Francisco Manyanga. Kuli mnzanga kumeneko, amaluma. Kuno ndikusewera ndi galasi."

Ine ndinali pompo, mawondo athu akutsala pang'ono kugundana. Mkazi wanga anatembenuka n'kundibwerezera mawu onsewo osasiyako ngakhale limodzi, akudziluma mlomo kuti asaseke. Zinandiwawa zedi. Lamulungu lotsatira kunabwera chopela, kanjinga kamoto ka mawilo atatu kaja, n'kuwatenga, thabwa lili m'khwapa. Ndinatsala ndikusesa pakhonde posesa kale.

Ndimagwira ntchito yokonza malole opita ku Moatize. Pa ofisina yathu, pagalaja paja, pali mnzanga wowotcherera zitsulo, wa ku Nampula, amene masana akamaliza kupemphera amasewera shadreze pa foni. Nditamufotokozera, anaseka mpaka kutsamwa.

"Epa, m'bale! Iwe umasewera, kapena umaperekeza maliro?"

Anajambula thabwa ndi choko pachitseko chakale cha lole. Mabawuti atsopano anakhala zoyera, a girizi anakhala zakuda zanga. Anati andiphunzitsa njira ya zakuda yotchedwa Sisiliyana.

"Madala akakankha wa pamfumu, usamutchingire kutsogolo. Kankha wa pambali uyu, wa patsogolo pa bishopu, mbali ya mfumukazi. Pronto."

Ndinakankha. Iye anatulutsa kavalo, ine ndinasuntha piyawu wa pamfumukazi kamodzi monga anandiuzira, kenako iye anakankha piyawu wachiwiri kufika pakati.

"Idya," anatero.

Dzanja langa linaima m'mwamba. "Ndidye ndisanadyedwe?"

"Eya! Apa wakuda ndiye amayamba kudya. Iyenso akudya ndi kavalo, palibe vuto. Koma taona, msewu uwu watseguka. Tore yako idzadutsa apa."

Tore ndi chidutswa cha pakona chija choyenda molunjika, chimene ine chaka chonse ndinkachisunga ngati mbale ya alendo. Mnzangayo anandiuza kuti pa njira imeneyi woyera amabwera ndi gulu lonse kudzafuna mfumu yako, ndipo ukaitana aliyense kuti adzatchinge pakhomo, wafa. Uyenera kusiya alonda ochepa, enawo azungulire kumene iye wasiya kosatseka. "Akamagogoda kwanu, iwe kagogode kwawo," ankatero.

Masabata atatu tinasewera masana aliwonse. Amene amadziwa dzuwa la ku Tete akudziwa kuti bawuti yokhala panja ola limodzi sigwirika, ndiye tinkasuntha zidutswa ndi kansanza. Chovuta sichinali kuloweza njirayo ayi, chinali pakamwa panga. Ndikangoti "pepani" podya bawuti yake, iye ankatola kansomba kamodzi m'mbale mwanga n'kutafuna akundiyang'ana. Sabata yoyamba ndinkabwerera kunyumba ndi njala, mkazi wanga n'kumadabwa kuti chakudya amandipakira chimapita kuti.

Lamulungu lachinayi chopela inachedwa. Apongozi anali atavala jekete, atakhala pakhonde, akuyang'ana wotchi. Ndinauza mkazi wanga kuti, "Awuzeni bambo kuti podikira pano tingathe kusewera kamodzi." Anawauza. Iwo anapuma mozama ngati munthu amene wapemphedwa kunyamula mwana wa eni, n'kutsegula thabwa.

Anakankha wa pamfumu. Ine ndinakankha wa pambali. Anamuyang'ana piyawuyo, n'kudikira pang'ono, poganiza kuti dzanja laterereka ndipo ndimubweza. Sindinamubweze. Anatulutsa kavalo, ndinasuntha wanga, anakankha wachiwiri kufika pakati. Ndinadya. Manja anga anayamba okha kufunana kuti awombe, ndiye ndinawakhalira. Apongozi anatsitsa magalasi pamphuno n'kungoti, "Mmm."

Anabisa mfumu yawo mbali ina, ine mbali inayo, ndipo apiyawu awo anayamba kuthamangira kwanga monga mnzanga ananenera. Mwazi wonse unkandiuza kuti ndibwerere ndikatchinge. Ndinaluma mano n'kukankha anga mbali ya mfumu yawo, n'kuika tore mumsewu uja. Patapita kanthawi ndinamva mawu anga akutuluka, aang'ono ngati a mwana wa sukulu, ochenjeza kuti mfumu yawo ili pangozi: "Sheke, bambo." Mfumu yawo inathawa. Apongozi anavula jekete.

Pamenepo chopela inafika n'kuliza hutala pachipata. Sanadzutse mutu. Italiza kachiwiri, anakweza mawu.

"Iwe mwana, kamuuze wa chopelayo azipita. Pano pali moto."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinapambana, koma ndi bodza. Chimwemwe chinandikwera m'mutu, ndinayamba kuthamangitsa mfumukazi yawo thabwa lonse, n'kuiwala kuti kwanga ndasiya mlonda mmodzi yekha. Anandilowera ndi bishopu n'kundimaliza. Koma pofika apo n'kuti mthunzi wa mpanda utafika pamasitepe, malaya awo atanyowa kumsana, ndipo tiyi atazizira osamwedwa.

Ndinayamba kutolera zidutswa kuti ndiziike m'thumba monga mwa masiku onse. Anatambasula dzanja kundiletsa. Anazibwezera zonse m'malo mwake, nakankha wawo wa pamfumu, nakankhanso wanga wa pambali uja, n'kukhala akumuyang'ana mutu uli pendeke.

"Akamwini," anatero, ndipo ankanena ndi ine ndithu, "kuchokera kuno sindikumumvetsa ameneyu. Tasenderani."

Anadzuka, nazungulira tebulo, n'kukhala pabenchi langa, kumbali ya zakuda. Benchilo ndi laling'ono, moti phewa lawo linagunda langa. Ndinayamba kufotokoza mothamanga, ndikusakaniza Chinyanja ndi Chipwitikizi. Anaika dzanja pabondo langa.

"Pang'onopang'ono, mwananga. Yambiraninso."

Ndinasangalala mpaka ndinaiwala zonse zimene ndinaphunzira ku ofisina, ndipo anachita kundidikira.