Nkhuku Zoyenda pa Njinga

Ndinataya mkazi, mwana yemwe sindinamuone nkhope, ndi munthu yekhayo amene ankanditcha "a Dipuloma" ine osakwiya.

Chaka chimenecho boma linabweretsa ndondomeko yotukula mabizinesi m'madera osauka a m'matauni. Kwathu, kuseri kwa msika wa pa Mzimba Boma, gulu la amayi lomwe munali mkazi wanga linalandira anapiye. A boma analonjeza kuti gulu loweta bwino adzalipatsa malo ogulitsira mumsika. Iye ankawafunitsitsa malowo. Anali atatopa kuthamangitsidwa m'mbali mwa msewu, beseni la mandasi lili pamutu.

Chitopa chinasesa makola onse, n'kusiya nkhuku zokwana dengu limodzi. Zitamveka kuti alangizi akubwera kudzayendera, amayi anagwirizana kuti nkhuku zomwezo zizionekera pakhomo lililonse. Wozinyamula anasankha ine.

"Ine ndinapita kukoleji," ndinatero.

"Mbwenu tisonyezeni mwamuna wina wokhala pakhomo masana, a Dipuloma," anatero mkazi wanga.

Alangizi ankayenda pagalimoto, ine ndinkadulira tinjira ta kuseri panjinga, dengu lili pakaliyala. Pakhomo lililonse amayi ankawachedwetsa ndi tiyi komanso pemphero lalitali, lotchula boma lonse. Pofika kwathu, komwe kunali komaliza, ine ndi nkhuku tonse tinali wefuwefu. Mlangizi wamkulu anayang'anitsitsa tambala wa diso limodzi.

"Mayi, tambala uyu ndamuonapo penapake lero."

"Ndi apachibale, bwana," anayankha mkazi wanga. " Vuto la disoli ndi la kumtundu."

Mlangiziyo anatsokomola nthawi yayitali, kenaka anati chigamulo adzapereka akadzabweranso.

Anabweradi, koma mkazi wanga ali m'chipatala, pakati patavuta. M'mawa umenewo mayi wapampando wa gulu anafika kuchipatalako ndi njinga ija, n'kuima pakhomo la wodi kundidikira. Ine ndinakana kuchoka. Mkazi wanga anandiyang'ana monga ankachitira ndikawonjezera shuga m'tiyi, ndipo ndinanyamuka.

Tsikulo ndinapalasa bwino kuposa kale. Gulu linapatsidwa malo aja, pafupi ndi ogulitsa tomato, ndipo amayiwo alipo mpaka lero. Ndikamadutsa amandiitana, ine ndimangokweza dzanja.

Nditabwerera kuwodi masana ndinapeza bedi lake atayalula, namwino akundidikira pakhomo.

Pochoka paja mkazi wanga anali atandigwira malaya, n'kunena motsitsa kuti anamwino asamve:

"Pitani, a Dipuloma, nkhuku zingachedwe. Tambala uja mumuike kumbuyo kwa anzake. Ine mundipeza."