Galamala yanga inapita ndi vitumbuwa

Anditengera masamba khumi ndi limodzi m'kope langa la Chingerezi. Wakuba si wakunja ayi. Ndi amai anga.

Lachiwiri ndinatsegula kope kuti ndibwereze mutu umene unkandizunguza ndisanasiye sukulu mu Giredi 11: lamulo loti mawu a mbali ziwiri za mneni wolumikiza azifanana kapangidwe, ngati mawilo a njinga. Masambawo ndinawakopera pamanja kwa mnzanga, masabata atatu athunthu. Ndinapeza atang'ambidwa.

Amai amagulitsa vitumbuwa pokwerera maminibasi a ku Chipangali. Lolemba nyuzipepala zokulungira zinawathera. Zinazo mwadziwa kale.

Ndinawatsatira komweko nditalunda. Iwo sanatekeseke. Anati mabuku anga akhala pansi pa bedi zaka ziwiri makoswe akudya, bola agwireko ntchito. Pamenepo ndinaulula zimene ndinkabisa: ndinalembetsa mayeso a GCE, ndipo kwatsala mwezi umodzi.

Anasiya kutembenuza vitumbuwa.

"Iwe Mabvuto, ukulembanso? Nanga osandiuza bwanji?"

Ndikanawauza bwanji? Inu amene simunasiyepo sukulu simudziwa. Munthu akasiya, pakhomo amamukwirira pamodzi ndi mabuku ake. Yunifomu imasanduka chokolopera, chikwama chimanyamula tomato. Ifenso timathandiza kukumba dzenjelo. Timawerenga mobisa ngati tikusuta fodya, kuopa kuti tikalephera atiseka kawiri. Pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinabisa za mayesowo, kenaka n'kumakalipira amai kuti sanalote.

Lachitatu amai sanakazinge. Anayenda kwa makasitomala awo mmodzimmodzi, telala, mayi wa makala, makondakitala, kufunsa mapepala a Lolemba. Kondakitala wina akuti anawafunsa ngati pepala la vitumbuwa layamba kubwezedwa monga botolo. Iwo anamuyankha kuti aike dzanja pansi pa mpando afufuze, asiye zolongolola.

Anabwera ndi masamba asanu ndi awiri, onyezimira mafuta moti ukawakweza dzuwa limaonekera. Anawasita pansi pa chitenje, n'kundiponyera pamwendo.

"Werenga. Kununkha vitumbuwa m'mayeso si mlandu."

Amai ndawakhululukira, ngakhale sanapepese. Mkangano wanga watsala ndi inu amene munagula Lolemba, n'kukwera minibasi, n'kupukutira zala pa zitsanzo zanga zonse. Mukadya, simuyang'anako zimene zalembedwa papepala?

Abwera asanu ndi awiri. Mundibwezere anayi.