Mankhwala Amene Anandidetsa Manja

Wofuna kunditsutsa anditsutse, koma izi zinandichitikira ine ndemwe ndili kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo tsikulo sindinalawe ngakhale dontho la mowa.

Bwana wathu mzungu ankakonda kujambula, ndipo mapepala a zithunzi ankakonza yekha, ine n'kumamuthandiza. Tinkadzitsekera m'kachipinda kamdima ka nyali yofiira, n'kutenthetsa mankhwala oundana mpaka asungunuke, kenako n'kuwapaka papepala ndi burashi. Kunjaku otchola tiyi ankanong'onezana kuti m'menemo timapopa magazi, ine n'kumangoti umbuli basi.

Tsiku lina bwana atachoka mankhwala ananditayikira m'manja, ndipo poti sankaoneka, sindinasambe. Nditatuluka masana, anthu ali pamzere woyezetsa tiyi, dzuwa linangondiwomba, manja aja n'kuyamba kufiira, kenako kuda ngati magazi ouma, ine ndikuona! Amayi ena, amene amuna awo tinawajambula n'kudwala sabata yomweyo, anandifunsa mwaulemu ndithu, akunditchula kuti achimwene, kuti m'nyumba muja timachitamo chiyani.

Pakamwa pangapa! M'malo mofotokoza ndinakalipa kuti timagwira zithunzi za anthu n'kuzimata papepala, ndipo cha amuna awowo chili lende pachingwe. Ndinaiwala bwanji, ine wopita kusukulu, kuti chithunzi ndi chomwenso chimatsata munthu padzuwa? Madengu anagwa pansi, amuna anandizungulira ndi mipeni yodulira tiyi, wina akufuula kuti ayambire manja omwewo.

Chinandipulumutsa ndi kapepala kopaka kale mankhwala aja kamene kanali m'thumba. Ndinakayala pansi, n'kuikapo tsamba la tiyi, n'kuwapempha kuti adikire. Pepala linada pang'onopang'ono, ndipo nditachotsa tsambalo panatsala tsamba lina loyera. Ndinawauza kuti aone okha, ndi dzuwa limeneli, si magazi. Amayi aja anayang'anitsitsa, n'kunena kuti ndiye n'zoonadi, ngakhale tsamba lomwe talilanda chithunzi. Anthu anandisiya ndi moyo nditawabwezera amayiwo chithunzi cha amuna awo, iwo n'kuchikulunga m'nsalu ngati khanda.

Mpaka lero ndimati anali mankhwala chabe. Koma bambo aja anadzuka pamphasa patangopita masiku awiri, ndipo zimenezo musandifunse. Inu ojambula anthu, chithunzi cha mwini mupatseni mwini, ndipo mukafunsidwa mtima uli m'mwamba, yambani mwameza malovu.