Mfuti ya Rashid Pansi pa Mpando

A Maclean, kwawo ku Ntchisi, anayendetsa minibasi zaka zambiri asanapite ku Doha. Kumeneko anapeza ntchito pa banja lina lolemera ku Madinat Khalifa. M'mawa ankaperekeza ana kusukulu, masana madamu kumashopu. Nyengo yozizira ikafika, ankapita ndi bwana kuchipululu kukasaka mbalame. Bwanayo anali ndi mfuti yosakira, ndipo chilolezo chake chinkakhala m'galimoto momwemo.

Tsiku lina atabwerako kosaka, bwana anathamangira ndege ya ku London. Anauza a Maclean kuti galimoto akaisiye kwa mchimwene wake, mfuti ili momwemo.

"Bwana, chilolezochi chili m'dzina lanu. Ndikakhala ndekha m'galimotomu sizivuta?"

"Mafi mushkila," anatero bwana, kutanthauza kuti palibe vuto. "Yalla, pita."

Ali pa maloboti pafupi ndi msewu wa Corniche, takisi inawagunda kumbuyo. Sinali ngozi yaikulu, koma apolisi atabwera anaona chikwama cha mfuti. A Maclean anapereka chilolezo chija. Apolisi anafufuza galimoto yonse, ndipo pansi pa mpando anatulutsa mfuti ina yaing'ono, ya m'manja, ili ndi zipolopolo. Imeneyi sinalembedwe pa chilolezo. Inali ya Rashid, mwana wamkulu wa bwana, amene ankakonda kuionetsa kwa anzake.

Apolisi anawatsekera a Maclean. Foni ya bwana inkangolira osayankhidwa. Rashid atafunsidwa anati sakudziwa zimene madalaivala amasunga m'magalimoto. Mawu amenewa a Maclean anawamva kwa womasulira, ndipo anamenya tebulo mpaka wapolisi anawagwira mapewa.

Bwana atabwera anawatulutsa, koma mlandu unali usanathe, choncho sakanaloledwa kutuluka m'dzikomo. Mwezi umenewo kunyumba kunali chinkhoswe cha mwana wawo woyamba, Olipa. Tchuthi anali atapempha kale, suti atagula. Mwambowo anauonera pa foni m'chipinda cha mnzawo ku Umm Ghuwailina, netiweki ikuduladula. Pamalo pawo panakhala mlamu wawo.

"Bambo a Olipa, anthu kuno akuti munayamba kugulitsa mfuti," anatero akazi awo, a Lettie, mwambo utatha.

"Akunena ndani? Ndiuzeni dzina lake."

"Mudzi wonse. Ndiwatseke pakamwa onsewo?"

Patapita miyezi, Rashid anavomera kuti mfuti inali yake. Zinatha bwanji kumbali yake, a Maclean sanauzidwe. Anangoona mnyamatayo akuyendetsa galimoto yatsopano. Bwana anawaitana pakhonde nawapatsa wotchi m'kabokosi.

"Khalas, zatha. Tiiwale."

"Zatha kwa inu," anayankha a Maclean. "Ndinakufunsani, munati palibe vuto. Mwana wanu ananama ine ndili m'chitokosi. Wanga wapanga chinkhoswe ngati wamasiye. Ndikufuna Rashid abwere pano anene pamaso panga kuti ananama."

Bwana anadabwa kuti dalaivala angayankhule choncho. Anati Rashid ndi mwana, ndipo ana amalakwitsa.

"Ali ndi ndevu ameneyo. Mwana sasunga mfuti pansi pa mpando."

Rashid sanatuluke. A Maclean anasiya wotchi ija pa mpando, napita kukalongedza katundu wawo. Kusintha ntchito kunawatengera nthawi, bwana akuzengereza dala kusaina mapepala owamasula, koma anapirira.

Lero amayendetsa lole yonyamula madzi akumwa. Malipiro ndi ochepa, dzuwa limawaotcha, koma mu lole amakhala okha. Lachisanu akakumana ndi anzawo a ku Malawi ndi ku Chipata, nkhaniyi ikangoyambika amaimirira, chakudya n'kuzizira. Ena amawauza kuti akhululuke.

"Ndikhululukire ndani?" amafunsa. "Palibe amene anapepesa."

Kontrakiti yawo itha chaka chamawa. Olipa ndi woyembekezera, ndipo a Maclean auza kale abwana atsopano kuti sadzasainanso ina.