Makalata Anga Kuseri kwa Nkhokwe

Chaka chimene ndinalowa koleji ya zauphunzitsi, amuna anga anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Ndisananyamuke tinapita kuchipatala ku Chama, kumene anawajambula m'chifuwa. Dokotala anayang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali, kenako anati si chifuwa chachikulu, koma mapapo atopa. Anatiuza mosabisa kuti akapitiriza kusuta, tsiku lina adzalavula magazi, ndipo tsikulo likadzafika tisadzachedwe panjira.

Titabwerera kwathu ku Chikwa, amuna anga anazula okha fodya yense amene ankalima kuseri kwa nyumba. Ine ndinasonkhanitsa nyuzipepala zakale ndi pepala lililonse limene akanatha kupichirira chingambwe, n'kutentha zonse. Ndinapita kukoleji mtima uli m'malo.

Kumudzi kwathu foni imagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu cha kumunda, choncho ndinasankha makalata. Sabata iliyonse ndinkazula masamba awiri pakati pa kope, n'kulembapo mawu owalimbikitsa. Ndinkasamala kalembedwe monga ndikulemba mayeso, ndipo ndikalakwitsa liwu limodzi ndinkayambiranso pa tsamba lina. Ndinkapatsira aliyense wopita kwathu kuchigwa, kaya ndi namwino, kaya ndi woyendetsa galimoto ya feteleza.

Ndinabwera patchuthi mvula yoyamba itangogwa. Ndinawapeza pakhonde akutafuna mtedza, makoko ali mbwee pansi. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera.

"Manje ndine munthu watsopano, aphunzitsi," anatero. "Pakamwa pangotsala mtedza basi."

Malaya awo ankanunkha utsi, koma anati ankatentha mapesi kumunda, ndipo ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira. Chifuwa chokha n'chimene sichinkanama. Chinali chitatsikira pansi, ndipo akatsokomola nkhuku zinkasiya kutola.

Tsiku lachitatu m'mawa ndikusesa, ndinafika kuseri kwa nkhokwe, kumene tsache silinapiteko kwa miyezi itatu. Pansi pa mwala panali tizidutswa ta ndudu zopichira, tambirimbiri. Ndinatola kamodzi n'kukafunyulula. Pa pepala lopserera m'mphepete panali inki yobiriwira, ndipo zilembo zake zinali za dzanja langa.

Ndinapita nako pakhonde.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Aa, mwasesa mpaka kuseri? Kodi kukubwera alendo?"

"Ndikufunsa za kalata yanga."

Anakanda kumutu. "Ndinkayamba ndawerenga, mayi, kawiri konse. Palibe liwu limene ndinasuta ndisanaliwerenge."

"Nanga fodyayo munamutenga kuti, poti munazula yense?"

"Fodya sasowa kuno. Ukangokhala pansi kumunda, mnzako wakutsinira kale. Chosowa ndi pepala. Milungu iwiri yoyamba ndinapirira ndithu, chifukwa ndinalibe popichirira. Ndiye inu n'kuyamba kutumiza masamba awiri sabata iliyonse, ofewa bwino, opanda ndi dothi lomwe."

Anayamba kuseka, akufuna kuti nanenso ndiseke, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Anagwira mzati wa khonde n'kuwerama, ndipo chifuwacho chinawagwedeza kwa nthawi yaitali. Atalavula, anafulumira kukwirira ndi phazi.

"Chotsani phazi, bambo."

"Ndi makhololo chabe."

"Chotsani."

Analisuntha pang'onopang'ono. Mchenga unali utanyowa ndi chinthu chofiira, chochepa ngati nyemba imodzi. Tonse tinangochiyang'ana.

Ndinakweza maso. Mitambo inali itaunjikana chakum'mawa, yakuda bii. Aliyense wobadwira m'chigwa muno amadziwa kuti mvula ikakhazikika mitsinje imadzaza, ndipo msewu wa ku boma umaduka kwa masabata. Ndinalowa m'nyumba, ndinamanga chitenje, ndinatenga kabuku kawo ka kuchipatala n'kutulutsa njinga.

Nditatuluka, anapisa m'thumba la malaya n'kundipatsa kalata yanga yomaliza. Inali itatsala theka.

"Sungani ndinu," anatero, osandiyang'ana.

Sanathe kupalasa, choncho ndinawakweza kumbuyo, ndikumva kupuma kwawo pamsana panga ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Pamtsinje woyamba, umene dzulo lake unali mchenga wokhawokha, tinapeza madzi amatope akuyenda, atafika kale m'akakolo. Patsogolo panali mitsinje ina itatu.