Nyumba ya Mzungu wa Mapichesi

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa pa shikola ya kufupi ndi Lifidzi, nkhondo ya azungu itangotha, nyumba ya mzungu wa mapichesi inaikidwa pamalonda, ndipo wotanthauzira ndinali ine.

Inali pachitunda, moyang'anana ndi mudzi wakale wa Angoni, uja amati makolo athu anazikako khola loyamba. Inali ya njerwa zootcha, zipinda zitatu, denga la malata. Anaimanga Mpwitikizi wina ine ndisanabadwe, nabzala mapichesi kuzungulira. Atamwalira kunabwera mphwake wochokera ku Tete, nakhoma pamtengo thabwa lolembedwa kuti VENDE-SE, ndiko kuti ikugulitsidwa. M'mudzi monse odziwa kuwerenga tinali atatu, ndipo tonse tinali nako kogona.

Mphwakeyo anandiuza kuti m'nyumbamo mulibe munthu. Titafika tinapeza mayi wachikulire akusenda mbatata ya kachewere pakhonde.

"Uyu ndani?" anandifunsa m'Chipwitikizi.

Ndinawafunsa mayiwo. Iwo osadzutsa mutu anati, "Muwauze kuti ndine amene ndinasambitsa mtembo wa amalume awo."

Mayiwo anakhala ndi mzunguyo zaka makumi atatu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ndi akazi ake. Pa pepala la kwa shefi, mkulu wa boma, analembedwa kuti wophika. Ine ndinati, "Ndi wophika," chifukwa ntchito ndinali nditangoiyamba kumene. Zimandichititsabe manyazi.

Oyamba kudzaona nyumba anali Mpwitikizi wina ndi mkazi wake, ofuna malo olimapo kachewere. Makiyi anali ndi mayi aja, choncho ndi iwo amene anatitsogolera.

"Apa pamadontha," anatero. "Apa m'pamene anafera, mutu uku, miyendo uko. Chitseko ichi chimatseguka chokha nthawi yachisanu."

Mkazi wachizungu uja anafunsa chifukwa chake.

"Mwina ndi mphepo," anayankha. "Kungoti chinayamba chaka chino."

Ulendo uno ndinatanthauzira zonse, osasiya liwu n'limodzi lomwe. Alendowo anakwera galimoto yawo osaona n'chitsime chomwe. Mphwake uja anandikalipira, nati kuyambira tsopano ndizitanthauzira zabwino zokhazokha.

Wachiwiri anali mmwenye wa kantina, kasitolo ka ku Domwe. Ameneyu Chinyanja ankachilankhula ngati wobadwira konkuno, moti ine ndinangoima ndi chipewa m'manja. Anamvetsera za kudontha, za imfa, za chitseko, akugwedeza mutu. Kenako anatenga ndodo n'kugogoda malata limodzilimodzi, kutchera khutu ngati wogula mphika. Anagula tsiku lomwelo.

Patapita masiku atatu kunabwera ngolo ziwiri za ng'ombe ndi amisiri. Anazula malata, zitseko ndi mazenera onse, zokamangira kantina yatsopano. Mayiwo anakhala pansi pa mpichesi akuonerera. Ngolo zitadzaza anamufunsa mmwenyeyo, "Nanga makomawa mudzatenga liti?"

"Amayi, makoma sakwera ngolo," anatero. "Chitani nawoni zimene mufuna."

Mphwake wa malemu anali atabwerera kale ku Tete, ndipo sitinamuonenso. Mayiwo ankagona m'kanyumba kophikira kuseri.

Lamlungu lotsatira, titatuluka mu Misa, mayiwo anandigwira mkono pakhomo pa tchalitchi. "Aphunzitsi, pakamwa tinamva kuti muli napo pawiri. Manja muli nawo?"

Ndinati ndili nawo.

Akazi a m'mudzi wakale uja anamweta udzu kudambo, amuna anadula milimo ndi luzi. Ine anandikweza padenga, koma ataona mmene ndinkamangira anandiuza kuti nditsike, ndiziponya mitolo. Masiku anayi nyumba inafoleredwa. M'mazenera anatsekamo ndi njerwa ndi dothi, pakhomo anaikapo chitseko cha bango.

Mayiwo analowamo mvula isanagwe. Chipinda chachikulu anatenga iwo, china anaikamo mwana wa mchemwali wawo ndi mkazi wake, chachitatu munkagona mbuzi zisanu. Anakhalamo mpaka imfa yawo, ine nditasamutsidwa kale kupita ku Fonte Boa. Kumaliro ndinapita pa njinga, ndipo ndinafika atakwirira kale.